Chibangili cha a Malizani

Lamulo la boma linali losapita m'mbali: mudzi wosiya munthu wolumala m'mbuyo pothawa madzi osefukira sulandira thandizo. Choncho wolumala aliyense anamuveka chibangili chachitsulo, ndipo mwezi ndi mwezi, lipenga loyeserera likalira, makina a paphiri ankawerenga zibangili zimene zafika.

A Malizani, amene miyendo yawo inapuwala kalekale, anawanyamula pa machila miyezi itatu yokha. Ankalemera, mudzi n'kumachedwa. Kenako mlamu wawo Gostino anapeza nzeru. Ankangowavula chibangilicho ndi sopo n'kuthamanga nacho yekha. Akazi awo, a Nachanza, anazolowera kusiya kachidutswa ka sopo pawindo, nawonso a Malizani anazolowera kutambasula mkono.

Lachiwiri lina masana, a Nachanza atapita kuchigayo, lipenga linalira. Kunja kunali dzuwa, koma nkhuku zonse zinali zitakwera padenga.

Gostino analowa ali wefuwefu, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

"Alamu, ndi zoyeserera zomwe zija kodi?" anafunsa a Malizani.

"Mkono, alamu, mkono!"

Mkono unatambasuka wokha. Sopo anachita ntchito yake, ndipo Gostino anatuluka liwiro, osacheuka.

A Malizani anatsala okha pamphasa, dzanja likununkhira sopo. Madzi ofiira analowa mwakachetechete pansi pa chitseko, n'kuyandamitsa patapata wa akazi awo. Pamenepo kuchokera kuphiri kunamveka mawu a makina aja, ofatsa ngati a namwino, akuwanda mudzi wonse:

"Zikomo kwambiri. Onse afika. Palibe wotsala."