Sinowo Pansi pa Malata

Kingston anavala chijekete cha ubweya n'kuchitseka mpaka m'khosi, kenako chipewa chophimba makutu. Kunja dzuwa la Febuluwale linali likuswa mtengo, malata a kachipindako akuthetheka, koma munthu amene ali kumapiri a ku Switzerland saimba foni ya vidiyo atavala vesiti.

Chaka chilichonse bungwe lake linkatumiza akuluakulu kumsonkhano ku Geneva, ndipo ukatha ankakwera kumapiri kukasewera pa sinowo. Chaka chatha Kingston anayesa sinobodi, thabwa limene amakumangirirapo miyendo yonse iwiri n'kukusiya utsetsereke nalo phiri. Anagwa kosawerengeka, komabe atabwerera kunyumba ku Runda, dera la olemera mu Nairobi, nkhani inali yomweyo patebulo, kutchalitchi, ngakhale pamaliro.

Chaka chino bungwelo linachepetsa antchito, iye ali m'gulu momwemo. Kuti auze mkazi wake Deliwe, pakamwa panakana. Mayi amene anasiya uphunzitsi ku Mzuzu n'kukutsatira ku Nairobi ungamuuze bwanji kuti nyumba ya ku Runda ndi sukulu ya mwana wawo Atusaye zatha? Ankaopa kuti Deliwe akamva alongedza, atenga mwana, basi banja lathera pomwepo. Choncho tsiku la ulendo litakwana, Deliwe anakamutula kubwalo la ndege, iye n'kulowa khomo ili, kutulukira linalo, kukwera takisi mpaka ku kanyumba kogona alendo m'mphepete mwa Kibera, dera la osauka. Ankati masiku a msonkhanowo asanathe apeza ntchito ina. Atamasula sutikesi anaona kuti pasipoti mulibe, koma sanadandaule, ku Kibera safunsa pasipoti. Paja manyazi anapha lambe.

Kutuluka sankatuluka. Amalawi mu Nairobi ndi ochepa, koma amapezeka pamene sukuwafuna, ndipo anzake ambiri a kutchalitchi mapulojekiti awo ali mu Kibera momwemo. Zenera linali lotseka, katani yokoka, mpweya wake womwewomwewo. Chakudya ankachipeza pakhomo. Anapangana ndi mwini nyumbayo, mayi wosakonda zolankhulalankhula, kuti masana azigogoda kawiri, kusiya mbale pansi n'kumapita. Unali mpunga wa nyemba, mchere wake wochita kuwawa. "Kani dzanja lolemera pamchere si la Deliwe yekha," ankanyinyirika, n'kubweza mbale ili theka.

Ntchito zake zinali ziwiri: kufunsira ntchito kumene sankamuyankha, ndi kuloweza nyengo ya dziko la eni. M'mawa uliwonse ankatsegula tsamba la malo otsetserekerawo pa intaneti. Yagwa sinowo yochuluka bwanji, njira ziti zatsegulidwa, mphepo ikuwomba motani pamwamba, timipando tokweza anthu kuphiri tikuyenda kapena ayi. Anadziwa kuti sinowo yongogwa kumene imafewa ngati ufa woyera, thabwa limangoyandama, koma ikasungunuka masana n'kuumanso imasanduka simenti yothyola mafupa. Zonsezi ankazilakatula kwa Deliwe pa vidiyo, atatsamira khoma loyera, thukuta likutsika mumsana. Matatu, minibasi ya kumeneko, ikaliza hutala panja, iye ankatsokomola mwamphamvu. Deliwe ankangogwedeza mutu amvekere, "Ayi ndithu, mukunjoya." Kingston ankachita kumumvera chisoni. Mkazi wophunzira chonchi, kukhulupirira ngati mwana!

Tsopano masiku anali atatha. Mawa linali tsiku lobwerera, ntchito palibe, bodza lina palibe. Anazungulirazungulira pakati pa bedi ndi chitseko, makoma akumupana, mtima ukuwawa. Ankalakalaka mwana wake. Ankalakalaka mpweya wapanja. Anali atadzimangirira yekha pathabwa, ndipo phiri linali lisanathe.

Atatsegulanso tsamba lija anapeza lili psuu ndi machenjezo. Sinowo inali itagwa yoopsa, mbali ina ya phiri inagumuka n'kukwirira msewu, alendo onse auzidwa kuti asatuluke m'mahotela. Kumeneko anthu anali pamavuto, koma Kingston, Mulungu amukhululukire, anaomba m'manja. Wapeza sabata ina.

Ndiye chifukwa chake anavalanso chijekete chija n'kuimba. Deliwe anayankha, koma nkhope yake sinaoneke.

"Netiweki ikuvuta, lankhulani ndikumva."

"Amayi a Atu, kuno zinthu sizili bwino. Phiri lagumuka, msewu watsekeka. Tatsekeredwa, mawa sindibwera."

"Mayo ine! Ndiye mukudya chiyani, bambo a Atu?"

"Za azungu zomwezi, tchizi ndi buledi. Musade nkhawa."

"Nanga kuzizira?"

"Musanene. Zalazi zachita kuuma," anatero, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Pachitseko panagogodedwa kawiri. Kingston anaphimba foni ndi dzanja, kudikira kuti mwini nyumba achoke monga mwa masiku onse. Koma mapazi sanachoke. Kugogoda kunabweranso, ndipo ulendo uno anakumva pawiri, pachitseko ndi mufoni.

Anatsegula. Deliwe anali chilili, foni atapana ndi phewa, mbale ili m'manja, pasipoti ili pamwamba pa chivindikiro.

"Iyi munaisiya pampando wa galimoto tsiku lija. Ndikubwerera nayo ndinakuonani mukukwera takisi, ndiye ndinakutsatirani," anatero, misozi ili lengelenge. "Lero mchere ndachepetsa. Idyani mumalize, muvule chijeketecho, tizipita kunyumba."