Nambala ya Ignasio

A Gerevazio anali atagwada pakhonde, khala lili m'manja, simenti yonse itadzaza manambala. Chifunga cha ku Bembeke chinali chisanayere, ndipo mphepo inkawalasa pamutu pometedwa mpalapo. Amene anawameta m'nyengo yozizira ngati ino sankamukumbukira. Masiku ano zambiri zinkawathawa: mayina a adzukulu, pomwe aika chipewa, ngakhale ndiwo za dzulo.

Koma masamu ayi. Anawaphunzitsa moyo wawo wonse, ndipo anakana kuchoka m'mutumo.

Chomwe ankafuna n'chimodzi basi, kumva mawu a Ignasio, mwana wawo wa ku Lilongwe. Mnyamatayo anali atangoti zii, osaimba, osabwera. Ndiye nambala yakenso inasowa m'foni mwawo, kaya anaifufuta ndani. Zowawa bwanji, kubala mwana kenako n'kumamusaka ndi khala!

"Bambo a Ignasio, lowani m'nyumba, mudwala," anatero a Jesinta, akazi awo, ataima pakhomo ndi duku lakuda, chokolopera chili m'manja. Ntchito yokolopa makala pakhondepo inali itawakwana.

"Dikirani, mayi. Nambalayo sindinailoweze ngati nyimbo, ndinaidziwa khalidwe lake. Mukachotsa ziro woyambayo, yotsalayo ndi nambala ina yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Imathera ndi faifi, ndiye pawiri sigawika. Naini amalowamo bwinobwino popanda chotsala. Seveni nayenso. Nambala yotere, yayitali chonchi, siikhala ndi anzake ambiri."

A Jesinta anangoyang'ana kumunda wa kachewere.

Mkuluyo anachulukitsa, kufufuta ndi chigongono, kuchulukitsanso. Ina inatalika kwambiri, ina inayamba molakwika. Anaikana ngati mmene ankakanira mayankho a ana aulesi. Dzuwa likuboola chifunga, pansi penipeni pa khonde panatsala imodzi yokha. Anaiyang'ana, maso n'kulengeza misozi.

"Ndi iyeyu! Ndamupeza, mayi. Lero andiuze chomwe ndinamulakwira."

Anadina manambalawo ndi chala chakuda ndi makala. Anaika foni kukhutu, mtima uli m'mwamba.

"Ikuitana!"

Inaitanadi. Koma kulirako kunamveka kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri, kanyimbo kaja Ignasio ankakakonda. A Gerevazio anacheuka pang'onopang'ono, tsitsi likanakhalapo likanaima. Kanyimboko kankachokera pa mfundo ya chitenje cha akazi awo. Lero a Jesinta anali ataiwala kuthimitsa foni yomwe ankabisa pamenepo.

Anavula duku lija. Mutu wawo unali wometedwa mpala, chimodzimodzi.

"Foniyi inabwera limodzi ndi bokosi lake, bambo," anatero motsitsa mawu. "Tinameta tonse, ine ndi inu."