Nsalu Yofiira ya Priska

"Ukhale chete, mlongo wanga," anatero Timoteo. "Loweruka mzungu wa Kampani yolamulira dziko lino akudzasankha mfumu. Ufumu ukhale wa a Hezekiya athu, osati a Abeid a kumzikiti."

"A Hezekiya anuwo anandigwiririra kumunda, achimwene," anayankha Priska. "Chaka chatha Hamisa atanena zomwezi za a Abeid, inu a kutchalitchi munamugulira nsalu."

"Aja ndi ena. Awa ndi athu."

M'mawa mwake, nkhani itamveka, amayi a m'mudzi wawo wa Msumba anavuula chinangwa chawo padziwe lomwe ankaviika limodzi ndi Priska, n'kukaviika kwina. Masana kunabwera anthu a Abeid, omwe aja ankamutcha Hamisa wabodza. Anamupatsa Priska nsalu yofiira, ati akayankhule pamaso pa mzungu.

Priska anatsikira nayo kudziwe. Anapezako Hamisa yekha, akusenda chinangwa, nsalu yake ya chaka chatha itasuluka.

Hamisa anaifikisa nsalu yatsopanoyo ndi zala.

"Yabwino kuposa yanga," anatero. "Ukaivale Loweruka. Likapita Lowerukalo, onsewo, awa ndi awo, sadzakupatsanso moni."

Kenako anasendera pamwala.

"Khala apa. Malo alipo ambiri."