Phazi la a Ibrahimo

Shakila analowa m'baraka la Dona Filomena osapereka ndi moni yemwe, nthawi ya nkhomaliro, anthu ali pikitipikiti ndi mbale. Malo odyerawa ali kuseri kwa msika wa ku Insaca, ndipo fungo la mafuta okazingira limakulonjera ukadali kutali. Fungo limenelo linangomuwonjezera ukali.

M'manja anali ndi kakhadi ka kuchipatala ka mwamuna wake. Miyezi itatu yotsatizana shuga wa a Ibrahimo ankangokwera, chilonda cha kuphazi chikukana kupola. M'mawa womwewo namwino anali atalankhula mosapsatira mawu: zikapitirira chonchi, phazilo lidzadulidwa. Munthu wokonza njinga, wa ana anayi, adzawadyetsa bwanji akudumphira ndodo? Shakila anali ndi mantha, ndipo iye mantha akamugwira amatulukira pakamwa.

Kunyumba analibe mlandu, zimenezo ankazidziwa bwino. Kuyambira tsiku limene matendawa anapezeka, shuga anamupitikitsa pakhomo ngati mbuzi yakuba. Ana ankamwa tiyi wowawa akulira. Mandasi analeka, mpunga analeka, ngakhale pa Idi panalibe chozuna. Nanga shugayo ankalowera pati? Funso limeneli silinkafuna woombeza. Masana alionse a Ibrahimo ankatseka kamsasa kawo ka njinga n'kudzadya kuno, ati kunyumba n'kutali ndipo phazi limapweteka.

Anawapeza pakona, phazi lomanga nsalu atalisanjika pa benchi. Atamuona anangoti kakasi, nthongo ili m'manja. A Ibrahimo ndi munthu woti ngakhale nkhuku ingawalande mpando. Wofatsa chonchi aliyense wa pakamwa pokoma akhoza kumudyetsa chilichonse.

Shakila sanataye nawo nthawi. Analunjika kwa mwini malo, amene ankapakula ndiwo kuseri kwa tebulo, n'kuyamba kumusambitsa chokweza. Anamuuza kuti alipo akazi ophika, aliponso akazi okumba manda ndi chipande. Anati Insaca yense akudziwa kuti bamboyu ali ndi shuga, koma iye amangomuunjikira mpunga wonyezimira mafuta ndi refresko wozizira, chakumwa chozuna cha m'botolo, bola kasitomala asathawire kwa ena. Anamutchulira ana onse anayi mmodzimmodzi, kuyambira Tausi woyamba kubadwa, kuti akadzayamba kupemphetsa pamsikapa adzawadziwe mayina.

Anthu analeka kutafuna. Woyendetsa chapa wina, minibasi za kuno, anatsitsa wailesi kuti pasamupite mawu. A Ibrahimo anayesa kunena kanthu, koma mkazi wawo anangokweza chala, iwo n'kumeza mawuwo pamodzi ndi nthongo.

Dona Filomena anadikira kuti mvula ikate. Kenako anatenga mbale ya a Ibrahimo n'kuiika pamaso pa mlendo wakeyo: kamtanda kamodzi ka mgaiwa, nkhwani wopanda mafuta, kansomba kootcha. Anati imeneyi ndiyo mbale ya bamboyu tsiku ndi tsiku, ndipo refresko sanamugulitsepo, ngakhale tsiku limene anachita kupempha dzuwa litamuwamba.

Shakila anaseka chiseko chopanda chimwemwe. Ndi mbala iti inavomerapo? Mbiri ya kuchipatala iyenera kuti inali itafika kale kuno, mayiyu n'kukonza mbale yachionetsero. Anatsomphola fulasiki imene inali pambali pa mwamuna wake n'kuimenyetsa patebulo mpaka masipuni anadumpha.

"Ine ndimadzuka tambala woyamba kuwakonzera izi, inu n'kumafafaniza zonse ndi mapoto anuwo. Simuopa Mulungu?"

"Amamwa, mayi a Tausi," anatero Dona Filomena. "Ndimawaona. Akatha kudya amagugudiza mpaka dontho lomaliza."

Mwini maloyo anatsegula fulasikiyo n'kununkhiza. Kamene kanatsalira pansi anakadonthezera pachikhatho, n'kulawa. Nkhope yake inagwa. Anafunsa motsitsa mawu kuti kodi mumathiramo chiyani.

Apa Shakila anaimika khosi. Anafuna kuti onse amve, aphunzire mmene wodwala amasamalidwira. Anati shuga wa m'sitolo ayi, mpang'ono pomwe. Mmenemo ndi tiyi wa mandimu ndi uchi weniweni wa mumng'oma, umene mlongo wake amamutumizira kuchokera kudera la Chiuta: theka la kapu m'fulasiki, theka lina m'phala la madzulo, osaphonya tsiku kwa miyezi itatu yonseyi. Uchi ndi mankhwala, anatero, akuluakulu onse amadziwa, ndipo sunaphepo munthu.

Dona Filomena anakhala pa benchi. Anavula nsapato yakumanzere pamaso pa makasitomala ake onse. Phazilo linali ndi zala ziwiri zokha.

"Nanenso ndinkatero, mayi a Tausi," anatero. "Magazi sasiyanitsa uchi ndi shuga. Zala zitatu zinapita ndi uchi."