Mzere Wofiira

"Mzere uwu ndi wa ndani?"

Fomu 3 yonse inazyolika. Ngakhale Mikaele, amene pakamwa pake sipatsekeka, ankangotembenuza cholembera m'manja.

Madamu Bwanali anagwirizira pepala lalikululo pabolodi ndi dzanja limodzi, linalo likukweza siketi yomwe telala wa pa Njuli anaisoka motaya. Inali galafu ya gulu loyamba, la ana asanu okhala kutsogolo. Masabata pansi, makilogalamu m'mbali, mutu pamwamba, zonse monga anawaphunzitsira. Mizere ina inkayenda chogona, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Koma umodzi, wofiira, unayambira pa 61 n'kumangotsetsereka ngati njira yotsika m'phiri la Chiradzulu. Unakathera pa 52.

Ntchitoyi anaiyambitsa okha teremu itangoyamba. Anali atatopa ndi magalafu a m'buku, onena za mbewu zomera kumaiko komwe anawa sadzapondako. Anabwereka sikelo yopondapo kwa mnzawo wina namwino, ndipo Lachisanu lililonse ana ankadziyeza kulemera. Malamulo anali awiri. Pagalafu pasalembedwe dzina la munthu, kuopa kusekana. Ndipo chilichonse chimene sikelo yanena chilembedwe, chokoma kaya choipa.

Atsikana ankachita manyazi, ndiye Madamu ankayamba kukwerapo okha, maso ali kwa ana, n'kunena kuti, "Mwaona? Siluma." Akatero ankaisiya m'manja mwa Mikaele, mlembi wa gulu loyamba, n'kupita kukatsokomolera pakhomo. Choko cha chaka chino chinali ndi fumbi loipa.

"Kapena mwasokoneza poika madontho?" anafunsanso.

"Tinabwereza kawiri, Madamu," anatero Mikaele, maso ali padesiki.

Madamu anauyang'ananso mzerewo. Iwo omwe ndiwo anaphunzitsa anawa kuti dontho limodzi likhoza kunama, koma madontho ambiri oloza kumodzi sanama. Njala ya pakhomo imatsitsa thupi sabata ino, sabata yamawa chinangwa chikapezeka thupi n'kubwererako. Uwu sunabwerereko ngakhale kamodzi. Awa anali matenda.

Anakumbukira Jacob, mnyamata amene chaka chatha ankakhala pawindo. Anaonda anthu onse akuona, aphunzitsi n'kumati akutalika, ndi msinkhu. Anakamuika ku Milepa teremu yachiwiri isanathe. Pobwerera kumaliroko, Madamu analumbira kuti mwana wina sadzawatheranso pamaso chonchi.

Anayendetsa maso pa asanuwo. Mikaele masaya ali phwii. Levi ankathamangabe ndi mpira mpaka dzuwa kulowa. Lydia ndi Misozi anali ndi timatupi tochepa, 61 sanaifikepo chibadwire. Anatsala Selestina, mtsikana wamtali wosayankhulayankhula, amene ankavala chijuzi chachikulu ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Mayi ake anali ku Limbe, iye ankakhala kwa amalume ake. Masabata apitawa Madamu anamupezapo kangapo akuwayang'anitsitsa, ngati munthu wofuna kunena kanthu.

Zonse zinagwirizana.

Belu litalira anati, "Selestina, iwe tsala." Anzake anatuluka mwakachetechete, mopanda kukankhana kwa masiku onse. Mikaele anacheuka pakhomo, Madamu anamuthamangitsa ndi dzanja n'kutseka chitseko.

"Ukudya bwino kwanu?"

"Eya, Madamu."

"Usiku umatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda? Ukakwera kachitunda umapuma movutika? Chakudya umangochiyang'ana?"

Mafunsowa anatuluka mosavuta, motsatana bwino. Selestina anapukusa mutu pa lililonse, misozi itayamba kulengeza.

"Tamvera, mwanawe. Palibe chochititsa manyazi. Matenda ambiri oondetsa amachizika munthu akafulumira. Mawa m'mawa tipitira limodzi kuchipatala, kabaza ndipeza ine. Amalume akowo ndikayankhula nawo ndekha."

"Si ine, Madamu."

"Jacob ankateronso."

"Madamu, tinafuna kukuuzani, koma..."

"Vula juziyo, ukwere apa."

Anakoka sikelo pansi pa tebulo. Selestina anavula juzi, anavula nsapato, nakwera. Mikono yake inali yodzaza, ya munthu wotunga madzi ndi kulima. Muvi unagwedera n'kuima pa 58.

Madamu anabwerera papepala. Pa 58 panali mzere wobiriwira, wogona bwinobwino kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza. Anayamba kuwerenga mizere ndi chala. Wobiriwira, wakuda, wachikasu, wabuluu, wa pensulo. Isanu, ya ana asanu. Wofiira uja unali wachisanu ndi chimodzi.

"Mwawonjezera mzere," anatero. Chifuwa chinawagwira, anadikira kuti chidutse. "Kapena sikeloyi yayamba kunama. Tatsika."

Selestina anatsika n'kukaima kukhoma, atakumbatira juzi lake.

Madamu anakwerapo monga ankachitira Lachisanu lililonse, koma ulendo uno anayang'ana pansi. Muvi unagwedera, unagwederanso, n'kuima pa 51.

Kenako anatsika, napinda pepala lija mosamala, nalipereka kwa mtsikanayo.

"Ukawauze anzako kuti galafu yawo akhoza," anatero Madamu Bwanali. "Mawa sindibwera."