Magazi a Tiyamike

Lachisanu lililonse Nasibeko ankadzuka ndi mkwiyo. Lamulo linkati mwana aliyense wochira chifuwa cha chaka chimenecho azipereka magazi, chifukwa matupi a ana okha ndi amene ankapanga asilikali ogonjetsa kachiromboko. Mwana wake Tiyamike, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atamupopa kale kanayi. Mazira onse a pakhomopo ankadya yekha, bonongwe m'mawa ndi madzulo, koma milomo inali itayera mbuu.

Tsiku limenelo Nasibeko anamubisa m'nkhokwe. Mlangizi wa zaumoyo, bambo Chadza, atafika ndi kabokosi kawo koyezera, anamupeza Nasibeko ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Mwana ali kuti, mayi?"

"Mwana wanga si ng'ombe yamkaka! Dzulo wagwa pamjigo. Azibambo athunthu akuunjikana kumowa opanda zotseka pakamwa, akayamba kutsokomola inu liwiro kwa Tiyamike. Popani anga!"

Bambo Chadza anamubaya chala. Kabokosi kanayaka nyali yofiira, kusonyeza kuti m'magazimo munalibe asilikali.

"Sabata ino wodwala ndi mmodzi," iwo anatero motsitsa mawu. "Amuna anu. Awabweretsa kuchipatala m'mawa uno kuchokera kuesiteti, ndipo akupumira makina."

Nasibeko anapita kunkhokwe, n'kumutsitsa mwanayo. Anamusansa gaga kumutu, n'kumukhazika pamiyendo pake, n'kumugwira yekha kamkonoko.

"Popani," anatero. "Koma akachira, mukawauze abwere adzagwadire mwanayu."