Zenera la Chidindo

Kamera itakana kachitatu, mtsikana wojambula anaiomba khofi ngati mwana wosamva, ndipo inayaka.

"Musamwetulire," anatero.

Bambo wa taye yofiira analibe chomwetulira. Anafika ku ofesi ya ziphaso za galimoto kukadali mbuu, poganiza kuti nthawi yoyamba ntchito ikamakwana akhala atamaliza. Tsopano dzuwa linali pamutu, kuntchito anali atachedwa kale, laisensi yatsopano osaoneka.

Yakaleyo inatha mphamvu mwezi wathawu. Wapolisi wa pamsewu anamukhululukira kamodzi, n'kumuuza kuti akadzakumananso galimoto idzagona kupolisi. Ndiye mawa m'mawa apongozi ankafika pa siteshoni ya basi ndi matumba awo. Apongozi omwe aja amene kwa zaka ankauza achibale kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wothetsa nsapato. Galimotoyo anaigula chifukwa cha pakamwa pawo. Kukawachingamira wapansi kunali kudziika yekha m'manda.

Kale munthu wodziwika ankangolowera khomo la kuseri, zake n'kutheka tiyi asanazizire. Koma bwana watsopano anakhoma khomolo ndi misomali. Analamula kuti aliyense, kaya ndi m'bale wa ndani, kaya amagwira ntchito kuti, aziyenda zenera ndi zenera.

Bambo wa taye anayendadi. Pa zenera la malipiro netiweki inathawa atangofika kutsogolo, n'kubwerera iye atapita kukataya madzi. Pa zenera loyeza maso zinthu zinayenda msanga, chifukwa woyezayo anaiwala magalasi ake kunyumba ndipo ankangovomera chilembo chilichonse chimene munthu watchula.

"Chatsala ndi chidindo," anatero mtsikana wojambula uja, akumuyang'ana mokhala ngati akufuna kuseka. "Njira mukuidziwa."

Zenera la chidindo linali kumapeto kwa kakhonde kopanikiza, koti anthu awiri onenepa sangapatukirane. Linali lotseka ndi thabwa. Kachitseko ka pambali pake kanalinso kokiya. Mzere unali thi, kuyambira pathabwapo mpaka pa masitepe, ndipo fungo la thukuta linkachita kugwirika ndi manja.

Anakonza taye, n'kuyamba kudzipanikiza m'mbali mwa khoma.

"Zikomo, ndidutse nawo. Zikomo."

Ambulera inatsika patsogolo pake ngati chotchinga cha apolisi. Mwini wake anali mayi wamkulu thupi, amene aliyense pamzerepo ankaoneka kuti akumumvera.

"A Taye, ulendo wa kuti?"

"Kutsogoloko, mayi. Sindichedwa."

"Tonsefe sitichedwa, bambo. Ine ndinalowa muno ndili mtsikana."

Khonde lonse linafa nacho chiseko. A Taye, poti dzina linali litamera basi, anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Koma dalaivala wa lole, munthu wa mikono ngati matayala, anawatsogolera.

"Asiyeni adutse, akationere ngati kalaliki wa pamenepa anamwalira. Ngati ali moyo, ine ndiye ndimuthandiza. Ndimudinda pachipumi ndi chidindo chake chomwecho, kenako ndimumangirira pamwamba pa katundu, akaone dziko."

"Mundisiyireko makutu," anatero mayi wa ambulera.

A Taye anatseka pakamwa.

Pamenepo mzere unasanduka bwalo la milandu. Wina anati kalalikiyo ali kumowa. Wina anati ali ndi shopu m'tauni, muno amangobwera kudzapachika jekete. Mkulu wina anati anthu a m'maofesi amenewa amachita kuwasankha: amene wamwetulira pa mayeso amamubweza.

"Inu a Taye mukuoneka ophunzira," anatero dalaivala. "Munthu wotereyu n'kumutani?"

"Mwina... mwina naye ali ndi vuto lake."

Dalaivala anawayang'anitsitsa.

"Mukumuikira kumbuyo?"

"Ayi, achimwene," anayankha msanga. "N'chitsiru."

"Eyaa!" Dalaivala anawamenya paphewa mwachikondi, mpaka mano anagundana. "Ndiye akafika muyankhule ndinu. Mumutukwane m'Chingerezi, zimulowe bwino."

Onse anavomereza. Mayi wa ambulera anawapatsa nthochi, n'kuwaperekeza yekha mpaka kumapeto kwa mzere, pafupi ndi masitepe, kuti asasochere.

A Taye anaima pamenepo. Anayesa kunena kuti akufuna kukaona ngati thabwalo lili ndi chidziwitso. Anthu anawauza kuti lilibe. Anayesa kudwala, mayi uja anawakupiza ndi mapepala awo omwe mpaka anachira. Dzuwa linapendeka. M'maganizo ankaona apongozi ataima pa siteshoni, akuyang'ana nsapato zafumbi za mkamwini wawo, osanena kanthu, kusunga mawu onse kuti akawatulutse pamaso pa abale.

Kunja mlonda anayamba kukoka geti, akukuwa kuti otsala abwere mawa.

"Mawa lake liti?" anakuwa mayi wa ambulera. "Pano sitichoka! Tigona pompano mpaka munthuyo abwere!"

"Ndipo asatuluke wina aliyense," anawonjezera dalaivala, akukhala pa sitepe ngati mwala. "Makamaka wotiyankhulira."

Mzere sunasunthe, ndipo sukanasuntha. Kiyi wa zenera la chidindo anali m'thumba la a Taye, atanyowa ndi thukuta. Zaka zonse zimene anagwira ntchito kuseri kwa thabwa lija, aka kanali koyamba kulawa kuwawa kodikira munthu ameneyu.